Mwana Akafika Setima: Zimene Atsogoleri a Makalasi a Akulu Ayenera Kudziwa



Pali funso limene makolo amakonda kufunsa m'makalasi anu, makamaka chaka cha sukulu chikafika pakati. Amati: "Mwana wanga ku pulayimale ankakhoza bwino. Nanga bwanji atangolowa setima wayamba kulephera? Kodi nzeru zinathera panjira?" Ena amafulumira kuweruza kuti mwanayo wayamba ulesi. Ena amati pali amene wamuchita chipongwe. Ena amangomutulutsa sukulu kuti akathandize kumunda.

M'nkhani ino tikufuna kulongosola zimene zimachitika pa makalasi atatu awa, kalasi ya 7, ya 8 ndi ya 9, amene anthu amangowatchula kuti setima, oitava ndi nona. Ana ambiri amene amagwa pamenepa nzeru ali nazo ndithu. Chimene chimawagwetsa n'chakuti zinthu zingapo zimawasinthira nthawi imodzi, pamene kunyumba kulibe amene akudziwa kuti zasintha. Inu ndi amene mumakhala ndi makolo awo sabata ndi sabata. Mukamvetsa inu, iwonso amvetsa.

MMENE SUKULU YATHU YAKHALA IKUSINTHIRA

Tiyambe ndi zakale kuti za lero zimveke. M'nthawi ya Apwitikizi, mwana wa kumudzi akamaliza kalasi ya 4, ija inkatchedwa quarta classe, ndiye kuti waphunzira kwambiri. Sukulu zambiri za kumidzi zinali m'manja mwa mishoni za Chikatolika potsatira pangano la 1940 pakati pa boma la Portugal ndi Vatican, ndipo ana amene ankapitirira anali owerengeka. Pamene dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Pa 24 Julaye chaka chomwecho boma linatenga sukulu zonse kukhala zake, ndipo mu 1978 linayambitsa kampeni yoyamba yophunzitsa akulu. Ntchito imene mukugwira lero inachokera kumeneko.

Mu 1983 kunabwera lamulo la nambala 4/83, limene linakhazikitsa makwerero a maphunziro a dziko lonse. Pulayimale inali ya makalasi 7 ndipo inagawidwa pawiri: EP1 kuyambira kalasi ya 1 mpaka ya 5, ndi EP2 imene inali kalasi ya 6 ndi ya 7. Sekondale inkayambira kalasi ya 8. Lamulo lina la 1992, la nambala 6/92, linasiya makwererowa mmene analili.

Koma kuno kwathu lamulo linali papepala, pansi panali nkhondo. Sukulu zambiri zinatsekedwa, zina zinatenthedwa. Mabanja ambiri a ku Tsangano ndi ku Macanga anathawira ku Malawi, ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo ana awo anakaphunzira kumeneko m'Chichewa ndi m'Chingerezi, akuwerenga makalasi m'masitandade. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, makamaka pakati pa 1993 ndi 1995. Anapeza kuti EP1 ikhoza kuyambika ngakhale pansi pa mtengo, koma EP2 inali yosowa, kawirikawiri pa boma pokha. N'chifukwa chake ambiri mwa ophunzira anu a lero analekezera kalasi ya 5 kapena asanafikepo n'komwe.

Mu 2004 boma linabweretsa ndondomeko yatsopano ya maphunziro a pulayimale, ndipo chaka chotsatira ndalama yolembetsera ana ku pulayimale, ija timati matrícula, inathetsedwa. Ana anachuluka kwambiri m'sukulu. Kenaka pa 28 Disembala 2018 kunatuluka lamulo la nambala 18/2018, limene tikuyendera tsopano. Lamuloli linasintha zinthu zitatu zimene kholo lililonse liyenera kudziwa.

1. Pulayimale tsopano ndi makalasi 6 basi.
2. Sekondale ili ndi magawo awiri: kalasi ya 7 mpaka ya 9, ndi kalasi ya 10 mpaka ya 12. Kalasi ya 7 inasamukira ku sekondale mu 2023.
3. Mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi ya 9. Zaka 9 zimenezi ndi zokakamiza, si zongofuna kholo ayi.

Taonani tsono mmene zilili m'kalasi mwanu. Gogo wina akuganiza za quarta classe. Bambo wina amene anakulira ku Dedza akuganiza za Sitandade 8 ndi Folomu 1. Mayi wina akudziwa zoti setima ndiye mathero a pulayimale, monga zinalili mu nthawi yake. Onsewa akukamba za sukulu imodzi koma aliyense ali ndi makwerero ake m'mutu. Kholo limene likuganiza kuti mwana "wamaliza" chifukwa watuluka ku pulayimale silidziwa kuti lamulo likumuwerengerabe zaka zina zitatu.

ZINTHU ZITATU ZIMENE ZIMASINTHA

Choyamba: aphunzitsi amachuluka. Ku pulayimale mwana amazolowera mphunzitsi mmodzi amene amamuphunzitsa pafupifupi maphunziro onse. Mphunzitsiyo amadziwa dzina lake, amadziwa kwawo, ndipo akajomba amaona msanga. Pa setima phunziro lililonse lili ndi mwini wake: wa Chipwitikizi, wa Chingerezi, wa Masamu, wa Mbiri, wa Jogalafe, wa Bayoloje ndi ena. Pa oitava palinso Física ndi Química. Zikatha mphindi 45 belu lilira, wina atuluka, wina alowa. Mphunzitsi mmodzi amayenda m'zipinda zingapo, ndipo ana amene amawaona pa sabata akhoza kukhala mazana. Sangadziwe kuti kamtsikana kaja kakhala kumbuyo sikanamve kanthu kuyambira mwezi watha. Mwana ayenera tsopano kudzisungira yekha makope ambiri, kukumbukira yekha tsiku la mayeso, ndi kudzipangira yekha nthawi yowerenga. Zimenezi palibe mwana amabadwa akuzidziwa. Zimaphunzitsidwa.

Chachiwiri: Chipwitikizi chimalemera. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho m'Mozambique ndi pafupifupi 17 mwa 100 alionse, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Mwana wa ku Chidzolomondo amalankhula Chinyanja kunyumba, kudimba, kuchitsime ndi kumsika. Chipwitikizi amakumana nacho m'kalasi mokha. Ku pulayimale amatha kupulumuka ndi mawu ochepa, ndipo mphunzitsi akaona kuti ana sakumva amatembenuzira m'Chinyanja. Ku sekondale maphunziro amaperekedwa m'Chipwitikizi, ndipo si Chipwitikizi cha moni kapena chogulira sopo ayi, koma cha m'mabuku. Mphunzitsinso akhoza kukhala wochokera kutali, wosadziwa chilankhulo chathu.

Tipereke chitsanzo. Pa mayeso pamalembedwa mawu monga "explique", "compare", "justifique", "sublinhe". Loyamba likuti longosola. Lachiwiri likuti onetsa kufanana ndi kusiyana. Lachitatu likuti nena chifukwa chimene wayankhira choncho. Lachinayi likungoti lemba mzere kunsi kwa mawu. Mwana akhoza kudziwa bwino nkhani yonse, koma ngati sakusiyanitsa mawu anayiwa ayankha zimene sanafunsidwe. Pepala likabwera ndi 6 mwa 20, kunyumba ati ndi mbuli. Pamene vuto linali mawu anayi okha.

Chachitatu: mtunda umatalika, thupi nalo likusintha. Sukulu za pulayimale zili pafupi ndi midzi yambiri, koma zimene zili ndi kalasi ya 7 mpaka ya 9 n'zochepa. Boma lakhala likusandutsa sukulu zina za pulayimale kukhala escola básica, ndiye kuti sukulu yoyambira kalasi ya 1 mpaka ya 9, komabe midzi yambiri ikadali kutali. Mwana amadzuka kusanache, mu Juni ndi Julaye akulimbana ndi chisanu cha ku mapiri a Tsangano, mu Febuluwale ndi Malichi akuoloka mitsinje yodzaza. Ena makolo amawapezera kachipinda pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira okha. Mwana wa zaka 13 amakhala kumeneko popanda wamkulu, ufa ukatha pakati pa sabata palibe womuuza.

Paja chaka cha sukulu chimayamba nthawi ya mvula, pamene m'nkhokwe mwatsala pang'ono ndipo kumunda ntchito yachuluka. Ku Macanga fodya amafuna manja ambiri pothyola, posoka ndi posankha. Ku Tsangano kachewere ndi tirigu nazo zili ndi nyengo zake. Mnyamata wa msinkhu umenewu amatha kale ganyu, ndipo misika ya m'malire imamukoka chifukwa kumeneko ndalama imaoneka tsiku lomwelo. Mtsikana amatha msinkhu pa zaka zomwezi. Ngati pasukulu palibe chimbudzi chabwino ndi madzi, amajomba masiku angapo mwezi uliwonse osauza munthu. Ndipo akangotha msinkhu, ena kumudzi amayamba kumuona ngati mkazi woti akwatiwe.

Zitatuzi zimabwera pamodzi, chaka chimodzi, pa mwana mmodzi. Ngakhale munthu wamkulu mutamusinthira bwana, chilankhulo ndi malo ogona tsiku limodzi, akhoza kuzunguzika.

KAPHUNZITSIDWE KAMENE KAMATHANDIZA

Ambiri a ife tinaphunzira mwa njira yokopera ndi kuloweza. Mphunzitsi alemba pa bolodi, ana akopera, kenaka onse abwereza mokweza mawu. Njira imeneyi ili ndi chifukwa chake. Pamene ana ali ochuluka m'chipinda ndipo mabuku ndi ochepa, kope limakhala buku lokhalo limene mwana ali nalo. Ku pulayimale boma limagawa mabuku aulere, koma kuyambira setima ana ambiri amadalira zimene alemba okha. Vuto lake n'lakuti mwana akhoza kukopera masamba atatu molongosoka bwino osamva liwu ndi limodzi lomwe. Kuloweza zimene sukumva kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Dziko lathu linayesapo njira ina, ndipo linayesera m'chigawo chathu chomwe chino. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la boma loona za ndondomeko ya maphunziro, la INDE, linayendetsa ntchito yotchedwa PEBIMO m'sukulu zochepa za ku Tete ndi ku Gaza. Ku Tete ana ankayamba kuphunzira m'Chinyanja, ku Gaza m'Chichangana, kwinaku akuphunzira Chipwitikizi pang'onopang'ono. Amene anaunika ntchitoyi anapeza kuti anawo ankayankha momasuka, ankafunsa mafunso, ndipo makolo anakondwera nazo. Kuchokera pamenepo, mu 2003 boma linayambitsa maphunziro a zilankhulo ziwiri, ensino bilingue, m'sukulu zina za pulayimale, ndipo Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zake.

Phunziro limene tikutengapo ndi ili: mwana amene wamvetsa chinthu m'chilankhulo chake savutika kuchiveka mawu a Chipwitikizi. Koma amene wangoloweza mawu a Chipwitikizi opanda tanthauzo amaiwala mayeso asanafike. Choncho lamulo la panyumba likhale lakuti: mvetsa m'Chinyanja, kayankhe m'Chipwitikizi. Zimenezi sizikusowa kuti kholo lidziwe Chipwitikizi. Taonani zitsanzo izi.

Pa Jogalafe mwana alemba mawu akuti "erosão". Kholo lifunse kuti, "Tandiuza m'chilankhulo chathu, chimenecho n'chiyani?" Mwana akati ndi kukokoloka kwa nthaka, apite naye kumunda wa pamtsetse akaone ngalande zimene madzi akumba, ndi chifukwa chimene timalimira mizere yopingasa. Akalemba "altitude", afunsane chifukwa chake kachewere ndi tirigu zimachita bwino ku Tsangano pamene mu mzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, kumatentha koopsa. Yankho lake ndi kukwera kwa malo.

Pa Masamu mwana avutika ndi "percentagem". Mayi amene amagulitsa kachewere amaidziwa kale, kungoti sadziwa dzina lake. Mwa matumba 20, asanu awola. Ndiye kuti pa matumba anayi alionse limodzi latayika, ndipo pa 100 pakanatayika 25. Basi, percentagem ndi imeneyo.

Pa Bayoloje mwana aloweza "fotossíntese". Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga cha pansi pa mtengo wa mthunzi chimakhala chonyozoloka ndi chachikasu. Tsamba limapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Buku likungotchula dzina la chinthu chimene bambo wake anachiona kalekale.

Pa Mbiri ndiye tili ndi mwayi waukulu. M'mabuku a sukulu muli nkhani ya maufumu a Amaravi, ya Kalonga, Undi ndi Lundu. Muli nkhani ya kubwera kwa Angoni. Mulinso nkhani ya ufumu wa Macanga umene unkalamulidwa ndi banja la Caetano Pereira m'zaka za m'ma 1800, mpaka Apwitikizi anaugonjetsa mu 1902. Mwana amawerenga zimenezi m'Chipwitikizi ngati nkhani za dziko lachilendo, osadziwa kuti akupondapo tsiku ndi tsiku. Atumeni anawo kwa agogo ndi kwa anyakwawa akafunse za mfunda wawo, kumene makolo anachokera, ndi mmene malire a 1891 anagawira abale pakati pa Mozambique ndi Malawi. Ndondomeko ya 2004 inapatula gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya maphunziro a pulayimale kuti likhale la zinthu za kumaloko, lija amati currículo local. Ndiye kuti boma lenilenilo linavomereza kuti nzeru za kumudzi zili ndi malo m'sukulu.

Njira ina yothandiza ndi kuwerenga m'magulu. Ana anayi kapena asanu a mudzi umodzi azikumana masana kapena Loweruka. Amene anajomba akopere kwa mnzake, amene wamva alongosolere anzake m'Chinyanja. Wolongosolayo ndi amene amapindula koposa, pakuti munthu sungaphunzitse chimene sunachimvetse. Mutu umodzi susenza denga.

CHITHANDIZO CHIMENE CHILIPO KALE

Makolo ambiri amaopa pasukulu ngati pabwalo la milandu. Auzeni za makomo awa amene ali otseguka kwa iwo.

Director de turma. Chipinda chilichonse chili ndi mphunzitsi mmodzi amene anapatsidwa udindo woyang'anira ana a m'menemo, kuwerenga masiku amene ajomba ndi kukumana ndi makolo. Ameneyu ndi amene akulowa m'malo mwa mphunzitsi mmodzi uja wa ku pulayimale. Kholo lililonse lidziwe dzina lake ndi nkhope yake mwezi woyamba usanathe. Safunsa anadya phula.

Pauta ndi misonkhano ya makolo. Chaka chili ndi zigawo zitatu, ma trimestre. Chigawo chikatha, zotsatira zimalembedwa pa pauta. Malikisi amayambira 0 mpaka 20, ndipo 10 ndiye malire a kukhoza. Kholo limene laona 7 pa Masamu m'chigawo choyamba lili ndi miyezi yambiri yothandizira mwana. Limene ladikira Disembala langotsala ndi kukalipa.

Conselho de Escola. Ili ndi bungwe la pasukulu limene mumakhala oimira makolo, oimira mudzi, aphunzitsi ndi ana asukulu. Limakambirana za kayendetsedwe ka sukulu, limatsata ana amene asiya, ndipo limaona mmene ndalama zimene boma limatumiza pasukulu, zija amati ADE, zagwirira ntchito. Nkhani ya chimbudzi cha atsikana, ya madzi, ya ana ogona okha m'tizipinda, malo ake ndi amenewa. Ophunzira anu amene ayamba kuwerenga asaope kusankhidwa.

Matrícula. Kulembetsa mwana kuyambira kalasi ya 1 mpaka ya 9 m'sukulu za boma n'kwaulere. Yunifomu, makope ndi zolembera zimafunabe ndalama, n'zoona, koma kholo lisasiye kulembetsa mwana poganiza kuti pakhomo pa sekondale pali msonkho. Chimene chimachedwetsa ambiri ndi mapepala. Onetsetsani kuti mwana analembetsedwa ku Registo Civil ndipo ali ndi chikalata chake cha kubadwa asanamalize kalasi ya 6.

Malamulo oteteza atsikana. Kuyambira 2003 panali lamulo la Unduna wa Maphunziro lakuti mtsikana akatenga mimba asamutsidwire ku sukulu ya usiku. Kuno kumidzi, kumene sukulu ya usiku kulibe kapena ili kutali, kumeneko kunali kumuchotsa sukulu basi. Lamulo limenelo linathetsedwa mu Disembala 2018. Tsopano mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wopitiriza masana pamodzi ndi anzake, ndi kubwerera akachira. Ndiponso lamulo la nambala 19/2019 limaletsa kukwatitsa kapena kutomera mwana wosakwana zaka 18, ndipo limapereka chilango, ngakhale cha ndende, kwa wokwatirayo ndi kwa akulu amene akonza ukwatiwo. Nkhani imeneyi ikambeni ndi anamkungwi ndi ankhoswe mwaulemu, pakuti iwo ndi amene mawu awo amamveka kumudzi. Kulangiza mwana amene watha msinkhu n'kwabwino. Chilangizocho chimuuzenso kuti sukulu sinathe.

Kodandaula. Ngati munthu wina aliyense apempha ndalama, nkhuku kapena thupi la mwana kuti amukhozetse, umenewo ndi mlandu. Nkhaniyo ipite kwa mkulu wa sukulu, ku Conselho de Escola, ku ofesi ya maphunziro ya pa boma kapena ku polisi. Palinso nambala ya foni yaulere, 116, ya Linha Fala Criança, imene mwana kapena wamkulu akhoza kuimba.

Maphunziro a patali. Kwa amene anasiya kale, kapena amene sangathe kupita tsiku ndi tsiku, boma lili ndi ndondomeko ya PESD. Wophunzira amawerenga timabuku kunyumba ndipo amapita kukakumana ndi mphunzitsi pa masiku oikika. Funsani ku ofesi ya maphunziro kuti malo apafupi ali kuti. Mayi wachitsikana amene ali ndi khanda, kapena mnyamata amene wakula, akhoza kubwerera kudzera khomo limeneli.

NTCHITO YANU INU ATSOGOLERI

Sitikukupemphani kuti musanduke aphunzitsi a sekondale ayi. Tikupempha kuti zimene mukuphunzitsa kale zikhudze nkhani imeneyi. Munthu wamkulu amaphunzira msanga chinthu chimene akuchifuna mawa lomwe.

1. Jambulani makwerero pa bolodi, kuyambira 1 mpaka 12. Lembani mzere pa 6 ndi pa 9. Wophunzira aliyense aloze pamene pali mwana wake kapena mdzukulu wake, ndipo awerenge zaka zimene zatsala.

2. Phunzitsani manambala pogwiritsa ntchito pauta yongopeka, yopanda maina a ana enieni. Afunseni kuti 8 ndi 12 wakhoza ndani. Amene apita patsogolo aphunzire kuphatikiza 8, 11 ndi 14 n'kugawa patatu kuti apeze 11.

3. Phunzitsani kholo kuona kope. Ngakhale amene akungoyamba kumene akhoza kuwerenga deti pamwamba pa tsamba. Ngati deti lomaliza m'kope la Masamu ndi la masabata awiri apitawo, pali nkhani: kaya mwana sakufika kusukulu, kaya mphunzitsi sakubwera. Zonse ziwiri n'zofunika kuzitsata.

4. Lembani pa pepala lalikulu mawu a mafunso aja, explique, compare, justifique, sublinhe, ndi ena amene ana angakuuzeni, pamodzi ndi matanthauzo ake m'Chinyanja. Makolo akopere, akapachike kunyumba.

5. Chenjezani makolo za kalembedwe. Ambiri a ife tinazolowera kulemba "chimanga" monga amalembera ku Malawi. M'mabuku a ensino bilingue mupeza "cimanga" ndi "Cinyanja", potsatira kalembedwe kamene akatswiri a zilankhulo anayamba kugwirizana pa msonkhano wa ku Maputo mu 1988. Kholo lisauze mwana kuti walakwitsa. Chilankhulo ndi chimodzi chomwecho.

6. Kambiranani za nthawi ndi ntchito. Palibe akunena kuti mwana asagwire khasu. Koma banja ligwirizane kuti ntchito ya kumunda ikhale ya Loweruka ndi ya patchuthi, ndipo tsiku lililonse pakhale ola limodzi lowerenga kukadali kowala. Mtsikana apatsidwe ola lomwelo mofanana ndi mlongo wake. Asamati mnyamata ali pa kope iye ali pa mtondo.

7. Werengani ana a m'mudzi mwanu amene amaliza kalasi ya 6 chaka chino. Lembani maina awo m'kope lanu. Sukulu zikatsegulidwa, onani kuti ndi angati alowa setima. Pakatha chigawo choyamba onaninso. Amene wasowa, pitani kwa makolo ake inu ndi mnzanu mmodzi, mwaulemu, mlandu usanakule. Mwana amene wajomba sabata imodzi amabwerera mosavuta. Amene wajomba miyezi itatu amachita manyazi.

8. Ana amene akukhala m'tizipinda pafupi ndi sukulu apezereni munthu wamkulu wodalirika wa pamalopo woti aziwazonda. Makolo a mudzi umodzi akhoza kumasinthana kupititsa ufa ndi ndiwo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Abale ndi alongo, ambiri mwa anthu amene amakhala pamphasa m'makalasi anu analandidwa sukulu ndi nkhondo, umphawi kapena ukwati wofulumira. Akudziwa kuwawa kwa kudinda chala pamene ena akusaina. Auzeni kuti zilembo zimene akuphunzira lero zili ndi ntchito ina yoposa kuwerenga kalata ndi sikelo ya wogula fodya. Kholo limene likhoza kuwerenga deti m'kope ndi nambala pa pauta lili kale ndi zida zokwanira kuperekeza mwana kuchokera pa setima mpaka pa nona.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALASI

1. Kodi sukulu yapafupi imene ili ndi kalasi ya 7 ili pa mtunda wotani kuchokera m'mudzi mwathu? Ana amayenda nthawi yaitali bwanji?
2. Ndi miyezi iti imene ana athu amajomba kwambiri, ndipo n'chifukwa chiyani?
3. Ndani mwa ife akudziwa director de turma wa mwana wake? Ndani anapitapo ku msonkhano wa makolo chaka chino?
4. Kodi m'mudzi mwathu muli mtsikana kapena mnyamata amene anasiya sukulu asanamalize kalasi ya 9? Tingachite chiyani mwezi uno kuti abwerere?